Kodi Thukuta la Mmisiri Nlandalama Zingati?

Amayi anzathu, mvula ikayandikira ambirife kuno ku Namiwawa timaitana amisiri. Wina mpanda wang'aluka, wina denga likudontha. Mmisiri amalawirira kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande, nayeza khoma, natchula mtengo. Yankho lathu limakhala lokonzeratu: "Iii bambo, mwadulitsa, tsitsani." Timanenerera ngati tikugula tomato mumsika wa Limbe, ndipo akavomera theka timati tachenjera.

Koma mumtengo uja muli zambiri zimene sitiziwerenga. Muli masiku ake, malipiro a mnyamata womuthandiza kusakaniza simenti, ndalama ya minibasi, nkhomaliro, zida zimene zimatha, ndi luso limene adaliphunzira zaka zambiri. Bambo amene wasiya ana opanda ufa sakana ntchito, ngakhale akudziwa kuti ndalamayo siikwana. Tsono amabweza pati? Amachepetsa simenti nachulutsa mchenga, maziko nkukhala osazama. Mwinanso amalandira dipoziti nkukayamba ntchito ina kwina. Kumeneko nkuba ndithu, sitikumuikira kumbuyo. Koma tidzifunse ngati si ife tidamukankhira m'mayesero. Enafe amene tidagwira ntchito m'chipatala tikudziwa kuti bala losokedwa mothamanga silichedwa kutseguka. Khoma nalonso ndi chimodzimodzi, ndipo likagwa limagwera ana athu omwe.

Palinso funso lovutirapo. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, simenti ndi malata nkukwera mitengo. Nanga mmisiri amene adatchula mtengo wa ntchito pamodzi ndi zipangizo mwezi wa Okutobala, timukakamize kusunga mawu ake? Lonjezo nlofunika, apo ayi sitingadalirane. Komabe iye adalonjeza manja ake, sadalonjeze kusenza yekha kugwa kwa ndalama ya dziko. Tikuona kuti chilungamo nkukhala naye pansi ndi kuwerengeranso zipangizo, malipiro a ntchito yake osasintha. Nayenso asapezerepo mpata wokweza zimene sizidakwere.

Choncho tipemphe mmisiri alembe padera mtengo wa ntchito, padera wa zipangizo, ndi tsiku limene walemba. Tifunse amisiri awiri kapena atatu, ndipo wotchipa kwambiriyo timufunse kuti akwanitsa bwanji. Tigwirizane kulipira m'magawo, ndipo gawo likatha tilipire tsiku lomwelo, osati "mubwere mawa". Ngati ndalama yathu yachepa, tichepetse ntchito, tisachepetse malipiro a munthu.