Kodi Kupirira N'kubisa Misozi?

Titamande Allah amene watisonkhanitsa tsiku la Ijumaa lino, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa a m'banja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tonse tikukumbukira mmene mliri wa Covid-19 unalowera m'dziko lathu. Pa 22 Marichi 2020 munthu woyamba anapezeka nawo ku Maputo, tsiku lotsatira masukulu anatsekedwa, ndipo kuyambira pa 1 Epulo tinalowa mu Estado de Emergência. Mizikiti inatsekedwa. Ramadhan ya chaka chimenecho tinaswali Taraweh m'nyumba zathu, ndipo pamene zitseko zinatsegulidwanso mu Ogasiti tinkaima motalikirana, ife amene tinaphunzitsidwa kuti pa mzere wa Swala phewa ligundane ndi phewa. Amalonda ang'onoang'ono odutsa pa Zóbuè ndi pa Calómuè anakhala manja lende. Zimenezi tonse tinazimva pa wailesi. Lero tikambirane zimene zinachitika kuseri kwa zitseko za nyumba zathu.

Bambo wina anatsalira pambuyo pa Swala anthu atabalalika. Anatiuza kuti ntchito inamuthera, tulo sakupeza, ndipo usiku mtima umamugunda ngati akuthamangitsidwa. Tsiku lina mwana wake wa zaka 7 anataya madzi pa mkeka, iye n'kumumenya mpaka mayi wa mwanayo anachita kumulanda. Kenaka anatifunsa kuti: "Shehe, ine ndayesetsa kupirira, sindinauzepo munthu mavuto anga. Nanga bwanji mtima sukukhazikika? Kodi imani yanga yatha?"

Funso limeneli ndi la tonsefe. Ambiri tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo tinawasakaniza ndi chiphunzitso cha sabr mpaka tinayamba kuganiza kuti Msilamu wopirira ndi uyo amene nkhope yake sisintha. Tiyeni tiyese maganizo amenewa pa moyo wa aneneri, pakuti palibe amene anawaposa pa kupirira.

Mu Surat Yusuf timawerenga za Mneneri Ya'qub, mtendere ukhale pa iye. Atataya mwana wake analira zaka zambiri, kufikira maso ake anachita khungu ndi chisoni, ndipo ana ake enawo anamudzudzula kuti adzadzipha ndi maganizo. Komabe Qur'an imatipatsa iyeyo ngati chitsanzo cha kupirira kokongola. Chisoni chake sanachikane. Anachipereka kwa Allah, sanatemberere aliyense, ndipo anatumanso ana ake kuti akafunefune abale awo osataya mtima. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anagwetsa misozi atanyamula mwana wake Ibrahim amene ankamwalira asanakwanitse zaka 2. Abdur-Rahman ibn Awf atadabwa nazo, Mtumiki anamufotokozera kuti misozi yotere ndi chifundo, ndipo chimene wokhulupirira amachisunga ndi lilime lake kuti lisanene zokwiyitsa Mbuye wake.

Apa tikuona malo enieni a sabr. Mtima umaopa ndipo diso limalira popanda kutipempha chilolezo, ndipo pa zimenezi sitidzaimbidwa mlandu. Chimene chinaikidwa m'manja mwathu ndi lilime ndi dzanja. Bambo uja anazitembenuza: anamanga diso, n'kumasula dzanja. Mantha obisidwa satha, amafuna potulukira ngati madzi a mu mtsuko wong'aluka, ndipo kawirikawiri amatulukira pa wofooka kwambiri m'nyumba, amene ndi mwana kapena mayi ake. Kholo limene likusunga ulemu wake pamaso pa anthu, mwana wake n'kumalipira ndi thupi lake, silinapirire.

Wina anganene kuti: tikaonetsa ana nkhawa zathu, kodi sitiwaopseza? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake lili pa muyeso. Ana amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino. Amaona ndiwo zikuchepa, amamva makolo akunong'onezana usiku, ndipo pa nthawi ya mliri ankaona maliro akuikidwa mofulumira ndi anthu owerengeka. Tikakhala chete, mwana amadzipangira yekha tanthauzo, ndipo nthawi zambiri amaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo. Choncho timuuze zoona, koma zoona zolingana ndi msinkhu wake, monga momwe sitimupatsa mwana wamng'ono ndowa ya munthu wamkulu kuti asenze. Wamng'ono akanatha kuuzidwa pa nthawi ya mliri kuti kunja kuli matenda, n'chifukwa chake timasamba m'manja ndi sopo ndi kutchinga pakamwa ndi pamphuno, ndiponso kuti bambo akhumudwa chifukwa cha ntchito, osati chifukwa cha iye. Wamkulupo angathe kumva zambiri, ngakhale kuthandiza kulingalira za kagwiritsidwe ka ndalama. Koma ngongole zathu ndi mikangano ya m'banja tikatule kwa akuluakulu anzathu, pakuti mwana sangakhale nkhoswe ya makolo ake.

Tiphunzirenso kuwerenga mantha a ana, chifukwa iwo sawanena ndi pakamwa. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona akayambiranso, akamakakamira chitenje cha mayi ake, akamadandaula m'mimba popanda matenda, kapena mnyamata wofatsa akayamba kupsa mtima msanga, tisathamangire ndodo, ndipo tisathamangire kunena kuti wagwidwa ndi majini. Timufunse chimene chikumuopsa, kenaka timvetsere mpaka amalize. Tsiku lina Mtumiki anapsompsona mdzukulu wake Hasan pamaso pa Al-Aqra ibn Habis, amene ananena kuti ali ndi ana 10 koma sanapsompsonepo ngakhale mmodzi. Mtumiki anamuchenjeza kuti chifundo chimene munthu akumana ena, iyenso adzamanidwa. Ngati kusapsompsona mwana kunabweretsa chenjezo lotere, nanga kumukwapula chifukwa cha mantha athu?

Pali chisoni china chimene uphungu wokha sungachithetse, ndipo anzeru a Chisilamu anachizindikira kalekale. Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira m'chaka cha 934, analemba buku lotchedwa Masalih al-Abdan wa al-Anfus, lonena za chisamaliro cha thupi ndi cha mtima. Iye anasiyanitsa chisoni chimene chiyambi chake chikudziwika, monga imfa kapena kutha kwa chuma, ndi chisoni chimene chimangomugwera munthu n'kumulanda mphamvu ndi chimwemwe popanda chifukwa chooneka. Choyambacho anati chimapepuka ndi mawu a bwenzi lanzeru ndi kukonza maganizo. Chachiwiricho anati muzu wake uli m'thupi ndipo chimafuna mankhwala. Choncho munthu akakhala masabata osagona, osadya, osafuna kudzuka, kapena akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, tisamuuze kuti awonjezere Swala basi. Timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, tikafunse técnico de psiquiatria, pakuti m'maboma athu alipo ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Dua ndi mankhwala sizilimbana, monga momwe sizilimbana pa malungo. Ndipo mwana amene akuzunzidwa, kapena aliyense womudziwa, akhoza kuimba nambala ya 116 ya Linha Fala Criança kwaulere.

Kwa ife tonse, mankhwala ena ali m'nyumba momwemo. Mliri unasokoneza nthawi: kunalibe belu la sukulu, kunalibe madrasa, masiku anafanana. Koma Allah anatipatsa Swala zisanu zimene zimagwira tsiku monga mizati imagwirira denga. Mwana akadziwa kuti ikatha Fajr kuli ntchito za pakhomo, ikatha Asr kuli masewera, ndipo ikatha Maghrib banja limakhala pamodzi kuwerenga ndi kucheza, mtima wake umakhazikika. Pakagwa mliri, nkhani zake timvere kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amene sitidziwa gwero lake tisawawerenge pamaso pa ana. Amuna, tikumbukire kuti masukulu atatsekedwa katundu wambiri anagwera amayi, amene anakhala ophika, aphunzitsi ndi anamwino nthawi imodzi. Mtumiki ankathandiza ntchito za pakhomo pake, ndipo palibe mwa ife wolemekezeka kuposa iye. Mutu umodzi susenza denga: aliyense atuluke muno ali ndi dzina la munthu mmodzi amene amuimbire foni kapena kukamuona sabata ino.

Bambo uja tinamuuza kuti imani yake sinathe, chifukwa mtima wopanda imani sukanamubweretsa kudzafunsa. Tinamupempha kuti akauze mkazi wake zimene anatiuza ife, akaonane ndi achipatala za kusowa tulo kwake, ndipo akakhale pansi ndi mwana wake n'kumupepesa. Chomalizachi ndi chimene chinamuvuta kwambiri, ndipo mwina chingativutenso tonse. Koma tawba ya cholakwira munthu imafuna kupepesa kwa wolakwiridwayo, ndipo kuchepa kwa msinkhu wake sikuchotsa ufulu umenewu.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, achitire chifundo amene atisiya, akhazikitse mitima yathu, ndipo atchinjirize ana athu ku matenda ndi ku mkwiyo wa manja athu. Ameen.