Kupatsa n'kuika, ngakhale pa kauntala ya sitolo

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'masitolo ambiri a m'Malawi idasintha sabata isanathe. Katundu adali yemwe uja, wopikulidwa pa mtengo wakale, wogonera pa shelefu kuyambira kale, koma cholembera chidadutsa pa mtengo uliwonse. Patangopita miyezi yochepa shuga adasowa m'masitolo n'kumapezeka m'manja mwa mavenda pa mtengo woboola m'thumba. Khalidweli silidapite ndi chaka chimenecho. Wogula akadandaula, yankho limakhala lomwe lija: "Dola yakwera, bwana. Mukasiya, wina agula." Akatembenuka apeza pakhoma pamatidwa chipepala chomuuza kuti katundu akatuluka sabwezedwa, ngakhale ikhale ketulo yokana kuyaka tsiku loyamba.

Kukwera kwa zinthu kuli ndi zifukwa zake, ndipo wamalonda wosakweza mtengo pamene kopikula kwakwera sachedwa kutseka. Chopweteka mtima ndi phunziro limene achinyamata oyamba bizinesi akutolapo, loti malonda ndi kuchenjeretsana, loti wogula ndi woti adyeredwe masuku pamutu lero chifukwa mawa kubwera wina.

Akale adati kupatsa n'kuika. Tanthauzo lake aliyense amalidziwa: mbale ya ufa yopita kwa mnansi lero imadzabwerera chaka cha njala. Amalonda ambiri amauvomereza mwambiwu pamaliro ndi pazinkhoswe, koma akatsegula chitseko cha sitolo amausiya panja, amati muno ndi mwa ndalama. Akulakwa kwambiri. Pamalonda ndi pomwe mwambiwu umaonekera poyera, ndipo mboni yake ndi moyo wa a Raymond Ackerman a ku South Africa, omwe adamwalira mu Seputembala 2023 ali ndi zaka 92.

A Ackerman adabadwira m'banja la amalonda. Bambo awo, a Gus Ackerman, adali m'gulu la oyambitsa masitolo a zovala a Ackermans. Akuphunzira ku yunivesite ya Cape Town adakhala pamapazi pa Pulofesa W.H. Hutt, amene ankaphunzitsa kuti pachuma wolamula weniweni ndi wogula, osati mwini fakitale kapena mwini sitolo. M'zaka za m'ma 1950 adapita ku America kukaonera masitolo odzitengera wekha katundu, ndipo ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, adamvera maphunziro a Bernardo Trujillo, mphunzitsi yemwenso adaumba maganizo a anthu oyambitsa Carrefour ku France. Atabwerera kwawo adakuza masitolo a Checkers, omwe panthawiyo adali a kampani ya Greatermans, mpaka adapitirira 80. Mu 1966, ali ndi zaka 35, mabwana awo adawachotsa ntchito.

Chaka chotsatira adasonkhanitsa ndalama zomwe adawapatsa powachotsa, ngongole ya kubanki ndi zomwe anzawo adaikamo pogula masheya, n'kugula timasitolo tinayi ta mu Cape Town kwa a Jack Goldin pa mtengo wa R620,000. Timasitolo timeneti dzina lake lidali Pick n Pay. Pomwe mwini wake ankamwalira, masitolo adali atapitirira 2,000. Amalawi ogwira ntchito ku Joni amawadziwa bwino masitolowa, a ku Lusaka nawonso, ndipo ku Zimbabwe dzinali limayenda pamodzi ndi la TM.

Munthu wa ngongole ya kubanki pamutu, yemwe wangochotsedwa ntchito, akadakhululukidwa akadakhala wofinya tambala iliyonse. A Ackerman adasankha njira yowawa. Nthawi imeneyo ku South Africa mitengo ya zinthu zambiri sinkapikisana: ina ankaikhazikitsa ndi makampani opanga katundu, ina ndi boma. Wogulitsa akadangokhala phee n'kumadya nawo, popeza phindu lidali lotetezedwa ndi lamulo. Iwo adalimbana ndi dongosololi pa buledi, pa ndudu, pa petulo, kufuna ufulu wogulitsa motchipa. Tamvani bwino pamenepa: wamalonda kumenyera nkhondo kuti amulole kudya phindu lochepa pa katundu aliyense.

Nkhondo ya petulo ndi yomwe imaonetsa bwino mtima wa nkhaniyi. Atatsegula sitolo yawo yaikulu yoyamba ya mtundu wa hypermarket ku Boksburg mu 1975, adafuna kumagulitsa petulo pansi pa mtengo wa boma. Boma lidakana. Mu 1986 adapambana mlandu wokhudza makuponi omwe ogula petulo ankalandira kuti akachotseredwe mtengo pa zinthu za m'sitolo, koma pa zotsitsa mtengo wa petulo weniweniwo, kampani yawo imawerenga kuti adalimbana ndi boma maulendo 26 ndipo maulendo onsewo adagonja. Wowerengera ndalama anganene kuti kumeneko kudali kutaya nthawi ndi ndalama za maloya. Koma nkhani iliyonse yotero inkalowa m'manyuzi, ndipo mayi wokankha ngolo ya katundu ankadziwa kuti mwini sitolo imene wayimamo akukangana ndi akuluakulu a boma pofuna kuti iye alipire zochepa. Petuloyo sadatsike. Chomwe chidaikidwa mumtima mwa mayiyo ndi chikhulupiriro, ndipo chidabweza kwa zaka zambiri, pa mkaka, pa sopo, pa nyama ya Khirisimasi.

Wina anena kuti kumeneku kudali kudzitsatsa chabe. N'zoona a Ackerman ankadziwa kugwiritsa ntchito atolankhani, ndipo okha ankanena mosabisa kuti kuchita zabwino kumapindulitsa bizinesi. Palibe chamanyazi pamenepo. Mwambi sukuti kupatsa ndi kutaya, kapena kuti wopatsa asayembekezere kanthu. Ukuti n'kuika, ndipo woika amadziwa kuti adzatenga. Kusiyana kwa iwo ndi wamalonda wobisa shuga kuseri ndi kwakuti wobisayo amafuna zonse lero, kuchokera kwa munthu yemwe sakusamala ngati adzamuonenso.

Bizinesi yawo ankaifotokoza ngati tebulo la miyendo inayi. Mwendo wina ndi kayendetsedwe kabwino ka mabuku ndi ndalama, wina ndi katundu woyenera pa mtengo woyenera, wina ndi kutsatsa malonda pamodzi ndi kuthandiza anthu a m'dera, ndipo wotsiriza ndi antchito. Pamwamba pa tebulolo pamakhala wogula, yemwe ankamutcha mfumukazi, poti ambiri ogula zakudya za pakhomo adali amayi. Phindu sadaliike pamwamba. Ankaliona ngati mphotho yobwera wogula akakhutira. Ankadziwika ndi kuyendera masitolo okha, kucheza ndi ogula ndi antchito m'mizere ya katundu, ndipo m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho adakweza anthu akuda pa umanijala pomwe malamulo ankaletsa. Mu 1976 adayambitsa katundu wa No Name, wopanda zikuto zokongoletsa, kuti wosauka asamalipirire utoto wa pa chitini.

Zonsezi sizofunika mamiliyoni kuti munthu azitsanzire. Mayi wa tomato pamsika woponya banyira pa mulu akuchita chimodzimodzi, ndipo amadziwa kuti kasitomala wakeyo mawa adutsa mabenchi asanu kuti amupeze. Wa hadiweya wouza womanga nyumba kuti penti yotchipayi ikwanira, asavutike ndi yodula, wataya phindu la tsiku limodzi n'kupeza munthu wodzagula malata ndi zitseko za nyumba yonse. Wokonza mafoni wobweza ndalama foni ikakanika waika mbiri yake pakamwa pa munthu amene ali ndi abale, anzake a kuntchito ndi a kumpingo. Kupatsa kwa pamalonda nthawi zambiri sikukhala katundu waulere ayi. Kumakhala sikelo yosabera, chenje chokwanira, choonadi pa za katundu, ndi kulandira dandaulo osakwinya nkhope.

Pali malo pomwe mwambiwu umaterera, ndipo kubisa kungakhale chinyengo. Maokala ambiri m'makwalala adafa chifukwa cha kope la ngongole. Mlamu watenga sopo, msuweni watenga mafuta ophikira, a mfumu atumiza mwana, mwezi ukutha mpamba wonse uli m'manja mwa anthu oti kuwakumbutsa n'kuyamba udani. Chikwangwani cha "ngongole mawa" chidabadwa ndi misozi yeniyeni. Koma kumeneko sikuika, chifukwa woika amasankha poika ndipo amadziwa muyezo wake. A Ackerman sankagawa katundu. Ankagula mochuluka, kukakamira mtengo wotsika kopikula, kugulitsa mwachangu ndi phindu lochepa pa chinthu chilichonse, ndipo mwendo woyamba wa tebulo lawo udali mabuku. Wogulitsa wosalemba zolowa ndi zotuluka alibe choti apatse, akungodya mbewu.

Tivomerezenso, ngakhale monyinyirika, kuti iwo adali mzungu wophunzira, wa dzina lodziwika, m'dziko lomwe banki inkatsegulira khomo makamaka anthu a khungu lawo. Mnyamata wa ku Ndirande woyamba ndi K200,000 alibe mwayi wotero. Mtengo wotsika wa sitolo yaikulu nawo uli ndi ena oulipira: alimi ndi mafakitale ofinyidwa pokambirana mitengo, ndi magolosale ang'onoang'ono ofota sitolo yaikulu ikafika m'dera. Antchito awonso sadakhutire nthawi zonse. Mu 1994, chaka chomwe dzikolo lidalandira ufulu, zikwizikwi za ogwira ntchito ku Pick n Pay zidanyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro, ndipo zidawapweteka kwambiri eni ake omwe ankadziona ngati kholo la antchitowo. Zimenezi zikuchepetsa ulemerero wa munthuyo, koma mfundo ija siikugwa nazo. Wa mpamba wochepa ndi amene akufunika kwambiri makasitomala obwerera, chifukwa alibe ndalama zoitanira atsopano pa wailesi.

Umboni womaliza ndi wowawa, ndipo ukuchokera ku kampani yomweyo. A Ackerman adatula pansi udindo wa wapampando mu 2010. M'zaka zotsatira ogula ambiri adayamba kuona kuti masitolo ena a Pick n Pay akutha, katundu wofunika akusowa pa mashelefu, ndipo chisamaliro chija chazilala. Pomwepo Checkers, dzina lomwe lija lidawataya mu 1966, yomwe kuyambira 1991 ili m'manja mwa Shoprite, idakonzanso masitolo ake, ndipo mu 2019 idayambitsa Sixty60, yobweretsa katundu pakhomo pasanathe ola limodzi munthu akaitanitsa pa foni. Ana a amayi aja omwe ankakonda Pick n Pay chifukwa cha nkhondo ya buledi ndi petulo adasamuka osatsanzika. Zomwe adaika a Ackerman zidadyedwa kwa zaka zambiri popanda woonjezerapo, mpaka zidatha.

M'chaka cha malonda chothera mu Febuluwale 2024 kampaniyo idaluza R3.2 biliyoni. Patangotha mwezi umodzi chimwalirireni a Ackerman, idaitananso a Sean Summers, omwe adaiyendetsapo mpaka 2007, kuti adzaidzutse. Kuti ipeze mpweya idapempha eni masheya kuti athiremo R4 biliyoni, idagulitsa gawo la masitolo ake a Boxer pa msika wa masheya wa Johannesburg mu Novembala 2024, idatseka kapena kusintha masitolo ambiri oluza, ndipo banja la Ackerman lidavomera kusiya ulamuliro womwe lidaugwira kuyambira 1967. Ntchito yomwe a Summers adaiika patsogolo ndi yomwe mwini golosale aliyense amaidziwa: kudzaza mashelefu, kukonza zakudya zosachedwa kuonongeka monga nyama, buledi ndi ndiwo zamasamba, ndi kuphunzitsanso antchito kulandira wogula.