Kodi Lamulo Losaletsa Munthu Lingathe Kumtsekera Khomo?

Lamulo la dziko la Malawi silikaniza munthu wamkazi kuima pa chisankho. Komabe pa chisankho cha 1994 ndi zonse zotsatira amayi opambana adali owerengeka. Mu 2014, mwa aphungu 193, amayi adalipo 32 okha, chonsecho amayi ndiwo ochuluka m'dziko muno, ndiwonso amene amalawirira kukaponya voti. Tsono ngati palibe wowaletsa, chikuwatsekereza nchiyani?

Ena amati ndi mwambo wa makolo. Koma pakati pa Achewa amayi aakulu a m'mbumba ndiwo amaloza munthu woyenera kulowa ufumu. Tiyang'anenso kasankhidwe kathu.

Kuno dera lililonse limatumiza phungu mmodzi, ndipo woposa anzake mavoti ndiye watenga zonse. Chipani, poona kuti mpando ndi umodzi, chimafuna munthu wachuma, wotha kubwereka magalimoto, kugawa nsalu ndi kugula bokosi pa maliro. Kawirikawiri wotereyo amakhala mwamuna amene ali kale pampando, ndipo mayi amagwera pa chisankho chachipulula anthu asanamve nkomwe mau ake.

Ku South Africa, chiyambire 1994, mipando 400 imagawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti ao, ndipo chipani chimalemberatu maina a anthu ake pa mndandanda. Mndandanda wa amuna okhaokha ngwochititsa manyazi, pakuti aliyense amauona. Mu 2007 chipani cha ANC chidagwirizana kuti theka la maina likhale la amayi, ndipo pa chisankho cha 2009 amayi adapitirira 40 mwa aphungu 100 aliwonse. Ku Rwanda malamulo a 2003 adapatulira amayi mipando 24 mwa 80, ndipo mu 2008 amayi adaposa amuna m'Nyumba ya Malamulo, chinthu chimene chidali chisanaonekepo m'dziko lina lililonse.

Tisafulumire kunena kuti njira ya mndandanda ilibe chilema. Phungu wolembedwa ndi akuluakulu a chipani amaopa iwowo koposa anthu, ndipo mlatho ukakokoloka mudzi sudziwa khomo lokagogoda. Ndiponso kuchuluka kwa amayi m'Nyumba sikupindula kwenikweni ngati Nyumbayo ilibe ufulu wotsutsa boma.

Nanga chilungamo chili kuti? Papa Yohane XXIII, m'kalata yao Pacem in Terris ya 1963, adawerengera kulowa kwa amayi m'nchito za dziko pakati pa zizindikiro za nthawi ino, naphunzitsa kuti ufulu wotenga mbali pa ulamuliro umachokera ku ulemerero wa munthu amene. Ufulu umene mwini wake sangathe kuugwiritsa nchito uli dzina chabe. Chifukwa chake lamulo tiliweruze pa zipatso zake, osati pa mau ake okha. Kasankhidwe sikadatsike kumwamba ai. Adakapanga ndi anthu, ndipo anthu angathe kukakonza, mwina popatula mipando ina, mwina pokakamiza zipani kuimika amayi, koma osachotsa phungu pamaso pa anthu ake.

Inu aphunzitsi a mpingo, nkhaniyi ikambidwe m'miphakati. Mkristu amene agulitsa voti yake ndi kandalama, kapena avina nawo nyimbo yotukwana mayi woima pa chisankho, wathandiza kukankha chitsekocho, ndipo sangadzanene pamaso pa Mulungu kuti iye sadaletse munthu.