Kodi Nkoyenera Kupha Chifukwa cha Duŵa?

M'maiko a ku Ulaya ndi a ku North America mabanja ambiri amabzala pakhomo maluŵa otchedwa lily. Maluŵa ameneŵa amamera kuchokera ku tsinde la pansi longa anyezi, ndipo chaka ndi chaka amaphukanso pamalo pomwepo. Eni ake saŵabzalira chakudya, amangofuna kukongola ndi fungo lake. Koma maluŵaŵa ali ndi mdani: kachikumbu kofiira kuti psuu, kotalika mamilimita 6 mpaka 8, kakuda kumutu, kumiyendo ndi kumimba. Kakachuluka, katha kusandutsa chomera chobiriŵira kukhala phesi lokhalokha. Apa mpamene pagona funso lathu. Tikapha chilombo chimene chikudya chimanga, timati tikuteteza ana ku njala. Nanga tikapha chifukwa cha duŵa, tidzati tikuteteza chiyani?

Tiyeni tiyambe takadziŵa kachilomboka. Nyengo yozizira kamabisala m'nthaka ndi m'zinyalala za masamba, ndipo kamatuluka kukayamba kufunda, cha mu Malichi kapena Epulo. Kakakazi kamaikira timazira tofiirira m'mizere kunsi kwa masamba, ndipo pa nyengo imodzi katha kuikira mazira opitirira 300. Pakatha pafupifupi sabata, timphutsi timaswa nkuyamba kudya. Timphutsiti timadzikuta ndi ndowe zake zomwe, kotero kuti munthu amangoona ngati timatope takuda pa tsamba. Tikadya kwa masabata aŵiri kapena atatu, timaloŵa m'nthaka nkusanduka zikumbu. Masamba akatha, tsinde lija limasoŵa chakudya chosungira, ndipo chaka chotsatira maluŵa amachepa kapena osaoneka nkomwe. Kachikumbu kakakulu nako nkochenjera. Mukagwedeza tsamba, kamadzigwetsa pansi chagada ngati kafadala, nkuonetsa mimba yakuda imene imafanana ndi dothi.

Tikazindikira zimenezi, mkwiyo wathu uyenera kuzirala. Kachikumbuka kalibe mlandu. Sikadziŵa za mpanda kapena za mwini dimba. Kakungodya chimene mtundu wake wakhala ukudya kuyambira kale. Kwao nku Ulaya ndi ku Asia. Ku England kadakhazikika cha m'chaka cha 1939 ku Chobham m'dera la Surrey. Kadapezeka ku Montreal m'dziko la Canada mu 1943, ndipo mu 1992 kadaoneka ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts. Nyanja ya Atlantic sikadaoloke ndi mapiko ake. Kadatsata anthu ndi katundu wao, ndipo kulikonse kadapeza anthu atakakonzera kale chakudya m'madimba. Walira mvula walira matope.

Komabe kusalakwa kwa kachikumbu sikutimasula ife pa udindo. Munthu akabzala, walonjeza kusamala. Duŵa la m'dimba lilibe pothaŵira, pakuti tidaliika tokha pamalo amene tidasankha. Ndiponso kukongola si chinthu chachabe. Maluŵa timapita nawo kwa wodwala, timakongoletsa nawo ukwati, timaŵaika pa manda a amene tidaŵakonda. Nkhalamba imene ikuyembekeza kuona maluŵa amene idabzala ndi malemu mwamuna wake ili ndi chifukwa chenicheni choŵatetezera. Tsono ife tikuti kupha kachikumbu nkololedwa. Chimene chitsala, chimenenso chili chovuta, ndi kaphedwe kake ndi muyeso wake.

Njira yoyamba ndi ya dzanja. Mwini dimba amadzuka m'maŵa, zikumbu zisanachangamuke, natchera kachitini ka madzi a sopo kunsi kwa tsamba kuti kachikumbu kakadzigwetsa kagwere m'menemo. Amatembenuza tsamba lililonse, naphwanya mazira, nachotsa timphutsi. Ntchitoyi njonyansa ndipo imafunika kubwerezedwa masiku angapo pa sabata kwa miyezi. Koma ili ndi ubwino umene njira ina iliyonse ilibe: imasankha. Chimafa ndi chokhacho chimene chikudya duŵa. Njuchi imapitiriza ulendo wake, kangaude amatsala pa ukonde wake.

Njira yachiŵiri ndi ya mankhwala opopera. Njofulumira, ndipo manja sada. Komatu mankhwala alibe maso. Ena mwa iwo, monga imidacloprid, amaloŵa m'thupi lonse la chomera mpaka mu mungu ndi m'timadzi totsekemera ta m'duŵa, m'mene njuchi zimadya. Nchifukwa chake mu 2018 maiko a m'bungwe la European Union adaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalaŵa, pamodzi ndi ena aŵiri a mtundu womwewo, pa mbewu za panja. Tikadzifunsa moona mtima, chimene chimatikoka ku botolo si changu chokha ai. Nchakuti potero sitiona imfa imene tadzetsa. Wophwanya kamphutsi ndi zala amanyansidwa, ndipo kunyansidwako kumamuuza polekezera. Wopopera samva kanthu, ngakhale wapha zambiri koposa.

Njira yachitatu idafuna kudekha kwa zaka. Akatswiri a pa University of Rhode Island, mogwirizana ndi anzao a ku Switzerland, adafufuza adani a kachikumbuka kwao ku Ulaya. Adapeza timavu tating'ono kwambiri, monga totchedwa Tetrastichus setifer, timene timaikira mazira m'thupi la kamphutsi. Asanatimasule, adayamba atiyesa kuti aone ngati sitidzaononga tizilombo tina ta ku America. M'madera amene timavuti tidakhazikika, zikumbu zidachepa ndipo maluŵa adapezanso mpata. Sizidathe zonse, ndipo cholinga sichidali chimenecho. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina adzati: zimenezi nzokomera amene ali ndi nthaŵi ndi msana wolimba. Nanga wokalamba, kapena mayi amene amachoka m'bandakucha nkubwera kutada? Mau aŵa ngoona, ndipo sitiyenera kuŵanyoza. Koma ngakhale pamenepo muyeso ulipo. Mankhwala ochokera ku mtengo wa nimu, umene ambiri a ife tikuudziŵa, amagwira bwino timphutsi tikadali tating'ono, ngakhale amafunika kubwereza. Ngati munthu wakakamizika kupopera, asapopere pa duŵa lotseguka, apopere madzulo njuchi zitabwerera, ndipo atsate zolembedwa pa botolo. Angathenso kuchepetsa maluŵa kuti akhale okwanira manja ake, kapena kubzala ena monga a Hemerocallis, amene amafanana ndi lily koma kachikumbuka sikaŵadya. Kuvomera kuti sitingasunge zonse zimene timakhumba ndi mbali ya nzeru yomweyi.

Nkhani ya kachikumbu ka kutali ikutikhudza chifukwa mtima wa wopopera tili nawo tonse, m'dimba la ndiwo ngakhalenso m'nyumba. Bambo amene amakwapula ana onse chifukwa mmodzi waba shuga, mphunzitsi amene amalanga kalasi lonse chifukwa cha wosokosa mmodzi, onseŵa asankha botolo. Kufufuza wolakwa weniweni nkumuyang'ana m'maso kumatopetsa, monga kutembenuza masamba limodzi ndi limodzi. Koma chilungamo chimayenda motero, ndipo ana athu amachiphunzira poona zimene manja athu akuchita.

Mwini dimba amene wasankha dzanja adzakhala ndi masamba ena obooka, ndipo zikumbu zina zidzamupulumuka. Maluŵa ake sadzapambana pa chionetsero. Koma akamaŵerama m'maŵa ndi kachitini kake, njuchi zidzakhala zikulira pafupi ndi khutu lake, ndipo iye adzadziŵa chiŵerengero cha zimene wapha ndi chifukwa chake.