Ambuye Anandichotsera Chitonzo pa Ndalama za Kachisi

Ine ndine msungichuma wa komiti yomanga kachisi pa mpingo wathu kuno ku Lilongwe. Ndikufuna kuchitira umboni za mmene Mulungu anatchinjirizira dzina langa pa nkhani ya K200,000 imene inasowa pa kauntala ya banki, ndiponso mmene anagwirira lilime langa kuti ndisawononge mwana wa eni wosalakwa.

Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinayamba kukwera mtengo koopsa. Tinaona kuti tikazengereza, denga sitidzalikwanitsa. Choncho tinakonza Paper Sunday, ndipo anthu a Mulungu anapereka ndi mtima wonse: amayi ogulitsa tomato, anyamata a kabaza, agogo omasula pa mfundo ya chitenje. Mapemphero atatha tinawerenga ndalamazo tilipo atatu. Zinalipo mitolo isanu ya ma K2,000, mitolo itatu ya ma K1,000 ndi mtolo umodzi wa ma K5,000, mtolo uliwonse mapepala 100, zonse pamodzi K1,800,000. Tinalemba pa pepala, tonse tinasayina. Popeza Lamulungu banki satsegula, ndalamazo zinakagona kunyumba kwanga.

Lolemba m'mawa ndinali pa mzere. Pa silipi ndinalemba mtundu uliwonse wa ndalama pa mzere wake, monga amafunira, ndipo ndinapereka mitolo yonse kwa mtsikana wa pa kauntala. Ali mkati mowerenga pa makina, kunabwera mkulu wake kudzatenga ndalama zina. Ku banki wa pa kauntala saloledwa kusunga ndalama zopitirira mlingo wake, zikachuluka amazipititsa ku chipinda chosungira ndalama. Anayankhulana pang'ono, mkuluyo ananyamula mitolo n'kumapita. Kenako mtsikanayo anandiyang'ana nati, "Amayi, ndalama zanu zapelewera. Ma K2,000 ndapeza mitolo inayi. Lembaninso silipi ina ya K1,600,000."

Miyendo inazizira. Anthu a pa mzere anayamba kusuzumira, wina kumbuyo n'kunena kuti, "Aba amenewo, musawasiye!" Mawu amenewo anali kale pakamwa panga. Ndinali wokonzeka kumutchula mwanayo kuti wakuba pamaso pa anthu onse. Koma ndikukuuzani zoona, china chake chinanditseka pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti unali Mzimu wa Mulungu, chifukwa mwa ine ndekha munalibe kuleza mtima kotero. Ndinangoti, "Mwana wanga, silipi ina sindilemba. Ndiitanire abwana ako."

Amanijala anandilowetsa mu ofesi ndipo anandilandira mwaulemu. Tinagwirizana kuti ndalama zimene zapezekazo zilowe mu akaunti ya mpingo, koma ndilembe kalata yodandaula nthawi yomweyo, yonena tsiku, nthawi, nambala ya kauntala ndi mitundu ya ndalama imene ndinabweretsa. Anaidinda kalatayo n'kundipatsa kope yanga. "Amayi, madzulo tikamatseka, aliyense wa pa kauntala amawerengetsa ndalama zake ndi zimene zili mu kompyuta. Ngati mtolo wanu uli kuno, uoneka."

Madzulo foni inalira. Ndalama za pa kauntala ija zagwirizana ndendende, palibe yotsala.

Apa ndi pamene mayesero anayambira. Ndalama zinagona kwa ndani? Kwa ine. Anapita nazo ku banki ndani? Ine ndekha. Palibe amene ananditchula kuti wakuba, koma moni wa anthu ena unasintha. Ndinamva kuti ena akuti mwana wanga wangolipiriridwa fizi posachedwa, ndalama zachokera kuti? Fizi imeneyo inali ya soya amene ndinagulitsa, koma ukayamba kufotokozera aliyense umangooneka ngati ukubisa kanthu. Mchemwali wanga anandilangiza kuti nditenge katapila ndibweze mwakachetechete, nkhani ithe. Ndinalingalira usiku wonse. Ndinaona kuti kubweza ndalama imene sindinadye n'kuvomera mlandu umene sindinapalamule, ndipo mwana uja wa ku banki akanatsalabe ndi chikayiko mumtima mwanga mpaka kalekale.

Ndinapita kwa abusa. Sanandifunse mafunso ambiri. Anati, "Mayi, ife tikukudziwani. Tiyeni tigwade." Amayi anzanga a m'chigawo chathu anabwera kunyumba, tinasala kudya, tinalira pamaso pa Ambuye. Pemphero langa poyamba linali lakuti Mulungu andiyeretse ine. Koma m'kati mwa kusalako mtima unatembenuka, ndinapezeka ndikupempherera mtsikana uja. Wa pa kauntala ndalama zikasowa m'manja mwake, ntchito imakhala pachiswe, ndipo mwina kumudzi kuli makolo amene amadalira iyeyo. Ndinayamba kupempha kuti choonadi chituluke popanda kupweteka wosalakwa aliyense.

Mkulu wina wa mpingo amene anagwirapo ntchito za ndalama anandiuza kuti banki ikalephera kuthetsa dandaulo, munthu angathe kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, kwa Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira mabanki onse m'dziko muno. Anandithandiza kulemba kalata yachiwiri yopempha kuti a ku banki aone makamera a tsiku lija komanso awerenge ndalama za m'chipinda chosungiramo. Ena amaganiza kuti ukapemphera suyenera kulemba kalata. Ine ndimaona kuti bamboyu anatumidwa ndi Mulungu yemweyo amene tinkamulirira.

Patapita masiku, a ku banki anandiitana. Mu ofesi munali amanijala, mkulu uja wa ndalama ndi mtsikana wa pa kauntala, maso ali ofiira. Amanijala anafotokoza kuti pa kamera zinaoneka bwinobwino ndikupereka mitolo isanu ndi inayi. Mkulu uja atabwera kudzatenga mitolo khumi ya ma K2,000 ya pa kauntala, ananyamulira limodzi mtolo wanga umodzi umene unali pambali pa makina usanawerengedwe. M'buku analemba khumi, koma m'manja munali khumi ndi umodzi. N'chifukwa chake pa kauntala zonse zinagwirizana. Atamasula ndi kuwerenga ndalama za m'chipinda chija, anapeza K200,000 yopitirira, ndipo mtolowo unali womangidwabe ndi timphira tathu ta kutchalitchi.

Panalibe wakuba, abale anga. Mtsikanayo anagwada pansi mu ofesi momwemo, nati, "Amayi, zikomo kuti simunandinyoze tsiku lija. Anzanga onse amandiyang'ana ndi diso lina." Ndinamudzutsa, tinakumbatirana, tonse tikulira. Ndikaganiza kuti ndikanamulalatira pamaso pa khamu lija, ndimanjenjemera, ndipo ndimathokoza Ambuye pa chimenechi koposa pa ndalama zija.

Banki inabweza K200,000 mu akaunti ya mpingo ndipo inalemba kalata yopepesa. Lamulungu lotsatira abusa anaiwerenga pamaso pa mpingo wonse, amayi anaimba nthungululu. Ena mwa amene ananditembenukira msana anabwera kudzandigwira chanza, ndipo ndinawakhululukira ndi mtima wonse. Komiti inagwirizana kuti kuyambira tsopano ndalama za mpingo zizipita ku banki ndi anthu awiri, ndipo pepala losayinidwa lizipita limodzi. Malata tinagula sabata yomweyo, mtengo usanakwerenso.

Ndikupempha kuti mukamagwada mukumbukire mkulu uja amene ananyamula mtolo wathu mosadziwa. Tsiku limene choonadi chinatuluka ndinamusiya ali wosweka mtima kwambiri, ndipo ali ndi banja limene likumuyang'anira.