Za Mphatso za Krisimasi ndi Coonadi kwa Ana

Mau: Mateyu 2:1-12, Luka 2:1-24, Aefeso 4:25

Mwezi wa December ukafika ku Mkaika ndi m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi, mvula yagwa, cimanga camera, ndipo khasu silipuma. Ndiyo nyengo yopalira ndi yothira feteleza waciwiri. Ndiyonso nyengo imene nkhokwe zambiri ziyamba kuoneka pansi. Pakati pa nchito imeneyi pagwa tsiku la 25, limene mipingo ikumbukira kubadwa kwa Ambuye Yesu. Tsikulo ndi lacimwemwe, ndipo nkoyenera kulikondwerera. Koma zinthu ziwiri zalowa m'cikondwerero cimeneci, zimene Mkristu ayenera kuziyesa ndi mtima wofatsa. Coyamba ndico kumwaza cuma pa tsiku limodzi. Caciwiri ndi nkhani ya Father Christmas, imene ana aimva pa wailesi ndi pa lamya za m'manja, naiona pa makomo a masitolo akuru a ku Chipata ndi ku Lusaka. Ziwirizi zioneka zosiyana, koma muzu wace ndi umodzi, pakuti zonse zibisira mwana amene wampatsa mphatso, ndi mtengo umene wopatsayo analipira.

I. Mitulo ipita kwa Mfumu

Anthu a ku Mkaika safunika kuuzidwa tanthauzo la kulamba. Caka ndi caka, kumapeto kwa August, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowo unaletsedwa ndi boma la atsamunda mu 1934, nuyambanso mu 1984. Mfumu iri yonse ifika ndi anthu ace, nifotokoza za dziko lace, nitula mitulo. Wopita kukalamba sayenda manja ali lende, ndipo safunsa kuti alandira ciani. Afunsa kuti apereka ciani.

Momwemo anacita anzeru a kum'mawa. Mateyu asimba kuti anayenda ulendo wautali kufunafuna Mfumu yobadwa catsopano, ndipo ataipeza anadzicepetsa pamaso pa Kamwanako, natula golidi, libano ndi mure. Mateyu sanena kuti anali atatu, kapena kuti anali mafumu, ndipo sachula maina ao. Zimenezo anthu anaziwonjezera pambuyo pace. Cimene anena momveka ndi ici, cakuti mphatso za Krisimasi yoyamba zinapita kwa Yesu. Lero zatembenuka. Wa sitolo alandira, wa mowa alandira, alendo alandira, koma Mwini tsiku aiwalika. Kuli ngati mudzi umene wamva kuti kwabadwa mwana, anthu naphika, nadya, nabvina usiku wonse, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wopita ku cikuta kukaona mwanayo.

Banja limene Yesu anabadwiramo linali losauka. Anamgoneka modyera ziweto, ndipo pokampereka ku Kacisi makolo ace ananyamula mbalame ziwiri, nsembe imene cilamulo ca pa Levitiko 12 cinaloleza kwa amene sangathe kupeza mwana wa nkhosa. Yosefe sanakongole nkhosa kuti aoneke wolemera pamaso pa anthu a ku Yerusalemu. Anapereka monga mwa mphamvu yace, ndipo Mulungu analandira.

II. Tsiku limodzi lisadye caka conse

Buku Lopatulika silichula tsiku limene Yesu anabadwa. Umboni wakale koposa wa cikondwerero ca pa 25 December ndi wa ku Roma m'caka ca 336, patapita zaka zoposa 300 cibadwire Ambuye. Cifukwa cace palibe lamulo la Mulungu lakuti pa tsikulo pakhale mpunga, zakumwa za m'mabotolo, kapena malaya atsopano. Awa ndi malamulo a anthu, ndipo wowasunga koposa ndi manyazi.

Wowerenga ali yense adziwa m'mene ziyendera. Bambo atsegula nkhokwe nagulitsa matumba a cimanga cimene anasungira banja. Wina agulitsa thumba la feteleza loyenera kupita kumunda. Wina atenga ndalama za kaloba, zimene zidzabwezedwa ndi cionjezero cowawa. Pa 25 kudyedwa bwino, pa 1 January kudyedwanso, ndipo sabata zowerengeka zitapita sukulu zitseguka. Kuyambira mu 2022 boma la Zambia linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira Grade 12, koma yunifomu, nsapato ndi makope zigulidwabe ndi kholo. February akafika, bambo uja agula cimanga pa mtengo woposa umene anagulitsira, kapena apita kukagwira ganyu m'munda wa mnzace, wace uli kumera thengo. Motero mbale imodzi ya mpunga ya mu December icepetsa zokolola za mu May. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo amene anaona cilala ca mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko liri pa tsoka, adziwa kuti nkhokwe ya caka cino ingakhale yodyetsa zaka ziwiri.

Sikuti Mulungu adana ndi phwando. M'masiku a Nehemiya anthu anauzidwa kuti pa tsiku lopatulika adye zabwino, amwe zotsekemera, ndi kutumizako gawo kwa amene alibe kanthu. Nkhuku ya pakhomo iphedwe, thobwa liphikidwe, ana asambe nabvale zocapa. Coipa ndico phwando la ngongole, limene mwana aona mpunga wokha, osaona misozi ya amace mu February. Mwana wotere akula ndi maganizo akuti zinthu zingogwa zokha pa nyengo yace.

III. Father Christmas ndani?

Nkhani imeneyi iri ndi poyambira poona. M'zaka za m'ma 300 kunali bishopu dzina lace Nicholas ku mudzi wa Myra, m'dziko limene lero lichedwa Turkey. Mbiri imene Akristu akale anasiyirana inena kuti anamva za bambo wosauka wa ana akazi atatu, amene analibe cuma cowakwatitsira monga mwa mwambo wa kumeneko, ndipo anapita usiku naponya golidi m'nyumbamo mobisika, kuti atsikanawo apulumuke ku moyo wa manyazi. Mipingo ina imkumbukira pa 6 December. Anthu a ku Holland anamucha Sinterklaas, ndipo ku America dzinalo linasanduka Santa Claus.

Kumeneko bishopu uja anabvulidwa za ubusa wace nabvekedwa nthano. Anati akhala ku malekezero a kumpoto kwa dziko, ayenda m'mlengalenga pa ngolo yokokedwa ndi nyama zonga mphalapala, alowa m'nyumba podzera potulukira utsi, ndipo adziwa mwana ali yense womvera ndi wosamvera. Wojambula wina, Thomas Nast, anafalitsa zithunzi zace kuyambira mu 1863, ndipo kuyambira mu 1931 kampani ya Coca-Cola inamuika pa zithunzi zoitanira malonda, zojambulidwa ndi Haddon Sundblom, zimene zinafika m'maiko ambiri. Potero munthu amene anataya cuma cace mobisika cifukwa ca osauka wasanduka woimirira pa khomo la sitolo kuitana anthu kuti agule.

IV. Kodi ana auzidwe nkhani imeneyi?

Ena ati, kodi si nthano cabe? Nanga ambuya sasimbira adzukulu ao za kalulu ndi fisi madzulo pa moto? Indedi asimba, ndipo acita bwino. Mneneri Natani anagwira mtima wa Davide ndi nthano ya kamwana ka nkhosa, ndipo Ambuye mwini anaphunzitsa ndi mafanizo. Koma nthano iri ndi khomo lolowera ndi lotulukira. Ambuya akati “Padangokhala,” ana nayankha “Tiri tonse,” onse adziwa kuti alowa m'dziko la nthano, ndipo palibe mwana alawira m'mawa kukadikira kalulu kuti amlankhule. Nthano yonenedwa monga nthano ndi mphunzitsi. Nthano yonenedwa monga coonadi, kholo nilimbikira kuti ziri momwemo mwana akafunsa, yasanduka bodza. Ndipo Paulo analembera Aefeso kuti bodza litayidwe, popeza okhulupirira ali ziwalo za thupi limodzi. Mwana nayenso ndi ciwalo.

Bodza limeneli libala zowawa zitatu. Coyamba, lipweteka mwana wa mmphawi. Nthanoyo iti mwana womvera alandira, wosamvera salandira. Tsono mwana wamasiye amene atunga madzi, naweta mbuzi, namvera ambuya ace caka conse, akaona mwana waulesi wa munthu wolemera ali ndi njinga yatsopano, adzayesa ciani? Adzayesa kuti iye ndi woipa, kapena kuti ngakhale wopatsa wa m'mlengalenga akonda olemera. Uthenga Wabwino unena zosiyana ndi izi. Oyamba kumva za kubadwa kwa Mpulumutsi anali abusa a nkhosa ogona kuthengo, ndipo Mwanayo sanaperekedwe monga mphotho ya omvera, koma monga cisomo kwa osayenera.

Caciwiri, liba ciyamiko. Mai amene anasenda nshawa kufikira zala zitacita matuza, kuti mwana apeze nsapato, ndiye ayenera kumva mau akuti zikomo. Kupereka ulemu umenewo kwa munthu wosakhalako ndiko kulanda mwana mwai wakulemekeza atate ndi amace.

Cacitatu, ligwedeza cikhulupiriro. Pakamwa pamodzimodzi pauza mwana za awiri osaoneka, odziwa zonse, opatsa zabwino. Tsiku lina mwana azindikira kuti mmodzi anali wopeka. Kodi nkodabwitsa akayamba kukayika za winayo? Si ana onse adzatero, koma kholo lanzeru silisewera ndi cinthu cimene silingathe kucigula likacitaya, ndico kukhulupirika kwa mau ace. Ndipo cenjezo limeneli silikhudza Father Christmas yekha. Likhudzanso mau aja a masiku onse, akuti “Tonthola, ndikakugulira masiwiti,” pamene mwini wace adziwa kuti sadzagula, ndi aja oopseza mwana ndi cirombo cimene kulibe.

Palinso cina cimene anthu a dera lino angacimve msanga. Ciyambire kufika kwa amishoni ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, mipingo ndi eni dambwe akhala akutsutsana pa nkhani ya zinyau, ndipo mabanja ambiri adziwa kuwawa kwace. Pano sipoweruzira mlandu umenewo. Koma cingakhale codabwitsa ngati mpingo umene unalimba mtima kukaniza ana ace cophimba kumaso ca m'mudzi mwao, ulandira ndi manja awiri munthu wa ndebvu za thonje wocokera kutsidya la nyanja, nuuza ana kuti ndi weniweni, popeza wadza ndi masiwiti. Muyeso ukhale umodzi.

V. Njira yoyenera

Mkwiyo suthandiza. Mu December 1951, ku Dijon m'dziko la France, cifanizo ca Father Christmas cinapacikidwa ndi kutenthedwa pa bwalo la chalichi cacikuru, ana a mpingo ali kupenya, ansembe atabvomereza. Anthu ambiri anaipidwa nazo, ndipo nthanoyo siinathe. Moto utentha nsaru ndi thonje, koma cocotsa bodza mu mtima wa mwana ndi coonadi conenedwa mwacikondi.

Pakhale fanizo. Mwana abwera kwa amace nati, “Amai, kodi Father Christmas sadziwa njira ya kwathu kuno? Kapena ndinalakwa?” Mai wanzeru samseka, ndiponso samnamiza. Amkhazika pa mphasa nati, “Iai mwanawe, sunalakwe. Uja unamuona ndi munthu monga atsibweni ako, wabvala ndebvu za thonje kuti anthu agule. Kalekale kunali mbusa wacifundo dzina lace Nicholas, wothandiza osauka mobisika, ndipo anthu anampekera nthano. Koma nsapato izi zacokera m'munda mwathu. Ine ndinagulitsa nshawa, atate ako napalasa njinga kufikira pa boma. Ndipo amene anagwetsa mvula pa nshawazo ndiye anatipatsanso Mwana wace.” Mwana ameneyo sanataye kanthu. Wapeza makolo ace, wapeza Mulungu, ndipo nthano ija angaisewere monga asewera za kalulu, podziwa kuti ndi nthano.

Tsono banja lacikristu likhale pansi December asanafike, liyambe lapatula cakudya cofikira masika, feteleza wa kumunda ndi zofunika za sukulu. Cotsalaco ndico ca phwando. Ana auzidwe poyera cimene cilipo ndi cimene palibe, pakuti umphawi si mlandu. Ndipo pa tsikulo mwana apatsidwe mbale m'manja mwace kuti akatule kwa nkhalamba yokhala yokha, kwa mwana wamasiye, kapena kwa wodwala. Pa Mateyu 25 Mfumu idziwitsa kuti cocitira wanjala ndi wausiwa icilandira monga cocitira Iyo yomwe. Kumeneko ndiko kulamba kwa Krisimasi, ndipo mwana wocita cotero watsata Nicholas weniweni koposa onse obvala zofiira. Kupatsa nkuika, ndipo kuongola mtengo mpoyamba.

Mulungu sanabise dzina lace popatsa, ndipo sanabise mtengo wace: modyera ziweto ku Betelehemu, ndi mtanda ku Gologota. Athandize makolo a ku Mkaika ndi a m'midzi yonse kuti mau ao akhale oona pa zazing'ono, kuti pakunena za Mpulumutsi ana ao awakhulupirire. Amen.