Msasa wa pa Matayala ndi Nthawi Imene Amaiyesa Yotayika

Kalavani ndi kanyumba ka pa matayala kokokedwa ndi galimoto, kokhala ndi pogona, pophikira ndiponso nthawi zina bafa, kamene anthu a ku America, ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa amapita nako kunyanja kapena kunkhalango pa tchuthi. Funso limene ogula amakonda kufunsa asanatulutse ndalama ndi lakuti pamapita nthawi yaitali bwanji kuti kanyumbako kakhale koti munthu n'kugonamo akafika pamalo, ndipo yankho lake silivuta: wozolowera amamaliza m'mphindi 20 kapena 30, pomwe woyamba kumene akhoza kudya ola lathunthu ngakhale kuposerapo. Koma m'funsoli mwabisala ganizo lina losatchulidwa, lakuti nthawi yokonza pokhala ili ngati msonkho umene munthu amakhoma asanaloledwe kuyamba moyo weniweni, ndipo kuti msonkhowo ukachepa ndiye kuti zayenda bwino. Ganizo limeneli ndi lofala, komabe silinafike poti n'kulilandira popanda kulifunsa.

Ntchito yeniyeniyo ili ndi dongosolo limene silisinthanitsika. Woyendetsa amalowetsa kalavani pamalo ake cham'mbuyo, ndipo asanaimasule kugalimoto amaika levulo, chida cha amisiri omanga chokhala ndi kathovu m'madzi, kuti aone ngati yapendekera kumanzere kapena kumanja. Ikapendekeka amakwezera matayala a mbali yotsikayo pamatabwa, chifukwa akangoimasula sipakhalanso choikoka. Kenaka amatchinga matayala kuti isagubuduzike, amaimasula, amalinganiza kutsogolo ndi kumbuyo ndi jeke wa pachitsulo chokokera, n'kutsitsa miyendo inayi ya m'makona, imene ntchito yake ndi kuletsa kugwedera osati kunyamula kulemera. Magetsi, paipi ya madzi ndi gasi zimadza pambuyo. Kulinganizaku sikungofuna kuti munthu asagone chopendekeka. Mafiriji ambiri a m'makalavani alibe injini, amaziziritsa poyendetsa amoniya, madzi ndi mpweya wa haidrojeni m'timapaipi mothandizidwa ndi kutentha, ndipo firiji yotere ikagwira ntchito nthawi yaitali ili chopendekeka, madziwo sayenda bwino ndipo timapaipito timatsekeka. Wothamangira kupuma amapeza kuti nthaka ili ndi zofuna zake, ndipo kuti palibe malo awiri ofanana.

Mbiri ya kalavani ndi mbiri ya kuchepetsa mphindi zimenezi, kapena kuzisenzetsa wina. Kalavani yoyamba yodziwika yopangidwira kusangalala, yotchedwa The Wanderer, inapangidwa ku Bristol mu 1885 kuti ayendemo Dr William Gordon Stables, amene anapita nayo mpaka ku Inverness ikukokedwa ndi akavalo awiri. Iyeyu anali ndi woyendetsa akavalo ndi mnyamata wantchito, kotero funso la nthawi linali la iwowo osati lake. Pamene bungwe la Caravan Club linkakhazikitsidwa mu 1907, masewerawa anali akadali a anthu opeza bwino. Atafalikira kwa anthu wamba, makina analowa m'malo mwa antchito: mu 1968 Lloyd Bontrager anayambitsa kampani ya Jayco ku Middlebury, m'chigawo cha Indiana, atapeza njira yokwezera denga la kalavani yopindika popukusa chogwirira chimodzi, ndipo lero makalavani odula amadzilinganiza okha munthu akadina batani. Palibe chifukwa chonyozera zimenezi, pakuti wokalamba kapena wodwala msana amene makina amuthandiza kuti apitebe kunyanja sanataye kanthu. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi mphindi zimene makina achotsa zinali zopanda kanthu m'kati.

Malemba Achihebri ali ndi nkhani ya nyumba yosamuka nayo imene imayankha mosiyana. Chihema chokumanako, chomwe chinali malo opatulika amene Aisraeli ankayenda nawo m'chipululu, chinali ndi matabwa 48, lililonse lotalika mikono 10, pamodzi ndi matsinde asiliva 100, lililonse lolemera talente imodzi, ndiye kuti makilogalamu opitirira 30. Buku la Numeri limawerenga Alevi 8,580 a zaka zapakati pa 30 ndi 50 amene ankagwira ntchito yotumikira ndi kusenza chihemacho, ndipo limagawa katundu mwatsatanetsatane: ana a Gerisoni, osenza nsalu, analandira ngolo ziwiri ndi ng'ombe zinayi, ana a Merari, osenza matabwa ndi matsinde, ngolo zinayi ndi ng'ombe zisanu ndi zitatu, koma ana a Kohati sanalandire ngolo, popeza zinthu zopatulika zinayenera kunyamulidwa paphewa. Agerisoni ndi Amerari ankatsogola kuti Akohati akamafika apeze chihema chitaima kale. Chodabwitsa n'chakuti malemba amene anasamala kuwerenga ngowe ndi zikhomo sanena paliponse kuti kuimika chihemacho kunkatenga maola angati, ngakhale kuti chaputala 9 chimati mtambo wotsogolera unkatha kuima kuyambira madzulo mpaka m'mawa, masiku awiri, mwezi kapena kupitirira, ndipo chaputala 33 chimatchula malo 42 amene anamangapo misasa. Kwa olembawo kusenza ndi kuimika sikunali chiyambi chotopetsa cha utumiki wa Alevi. Ndiwo unali utumikiwo.

Arabi, omwe ndi aphunzitsi a chilamulo cha Chiyuda, anafika patali ndi mfundoyi. Mishnah, buku la malamulo limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limatchula ntchito 39 zoletsedwa pa Sabata, kuphatikizapo kumanga ndi kupasula, ndipo Talmud, ndemanga yaikulu ya pa Mishnah, imati ntchitozi zimaphunziridwa kuchokera ku ntchito za chihema. Apa panabuka vuto, limene likupezeka m'gawo la Shabbat patsamba 31b. Panali lingaliro lakuti kupasula kumene chilamulo chimaletsa ndi kuja kochitidwa n'cholinga chomanganso pamalo omwewo, koma wina anatsutsa kuti chihema chinkapasulidwa kuti chikamangidwe kwina. Yankho linali lakuti popeza Aisraeli ankaima ndi kunyamuka molamulidwa ndi Mulungu, kusamukako kunkawerengedwa ngati kumanganso pamalo omwewo. M'gawo la Eruvin patsamba 55b mfundo yomweyi ikugwiritsidwa ntchito ponena kuti misasa ya m'chipululu inali ngati midzi yokhazikika. Tanthauzo lake n'lakuti kukhazikika sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa masiku amene munthu wakhala pamalo, koma ndi chimene chamuika pamenepo ndiponso mmene wapatengera. Msasa wa usiku umodzi utha kukhala pakhomo penipeni.

Chikondwerero cha Misasa, chimene Ayuda amachitcha Sukkot, chimabwereza phunziroli chaka ndi chaka, pakuti Levitiko 23 amalamula kukhala m'misasa masiku 7, ndipo Mishnah imati pamasikuwo munthu ayese msasawo ngati nyumba yake yokhazikika, nyumba yake yeniyeni aiyese yongoyembekezera. Katswiri wa filosofi Martin Heidegger, polankhula ku Darmstadt mu 1951, anafika pafupi ndi ganizoli kudzera njira ina, pamene ananena kuti kumanga si njira chabe yofikira pa kukhala, koma kuti kumangako n'kukhala kale. Komabe ziyenera kunenedwa kuti chitsanzo chimene iye anasankha chinali nyumba ya mlimi ya ku Black Forest imene inaima zaka mazana awiri, ndipo mwina kanyumba ka pa matayala sikakanamusangalatsa.

Ndi maso otere, munthu wogwada pansi ndi levulo m'manja sakudikira kuti moyo uyambe. Akuphunzira kumene madzi angayenderere mvula ikagwa, kumene mthunzi udzakhale masana, ndi mmene dothi lilili kulimba, ndipo kudziwa kotere ndi kumene kumasiyanitsa wokhala pamalo ndi wongodutsapo. Akale anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka. Koma mame amanyowetsa udzu umene agwerapo, ndipo mlendo amene wadzilinganizira yekha pogona wagwirizana ndi malowo mwa njira imene wolandira kiyi wa chipinda cha kuhotela sangaidziwe.

Mfundoyi ili ndi malire ake, ndipo kuwabisa kungakhale chinyengo. Mwini kalavani wa pa tchuthi ali ndi nyumba ya njerwa imene ikumudikira, ndipo tsiku lochoka amasankha yekha, chomwe ngakhale Aisraeli m'chipululu analibe. N'zosavuta kukondwera ndi kusakhazikika pamene munthu ali ndi kobwerera. Namondwe wa Katrina atakantha gombe la kummwera kwa America mu Ogasiti 2005, bungwe la boma loona za ngozi la FEMA linagawa makalavani opitirira 100,000 kwa mabanja amene nyumba zawo zinawonongeka, ndipo ambiri mwa makalavaniwo anali a mtundu womwewu wopangidwira kugonamo masiku ochepa. Mu Febuluwale 2008 bungwe la zaumoyo la CDC linalengeza kuti m'makalavani 519 amene linayeza, mpweya wa formaldehyde, mankhwala otuluka m'guluu wa matabwa opanikiza amene amapweteka maso ndi chifuwa, unali wochuluka pafupifupi kasanu kuposa mmene umakhalira m'nyumba wamba. Kwa anthu amenewa palibe amene angayerekeze kunena kuti kukhala m'msasa kunali phunziro lauzimu, pakuti sanauyese nyumba mwa kufuna kwawo monga amachitira wosunga Sukkot, ndipo panalibe tsiku lachisanu ndi chitatu lobwerera kwawo. Funso lawo silinali la mphindi zoimikira kalavani, koma la zaka zodzaichotsera. Kalavani yomaliza ya FEMA inachoka mumzinda wa New Orleans mu 2012, patatha zaka zoposa 6 chichitikire namondweyo.